Nanzikambe wathu ali m'magazini, ife tili kunja

Mu 2006 akatswiri a zamoyo anapatsa mtundu wina wa abilimankhwe dzina la sayansi lakuti Nadzikambia. Dzinali analitola pakamwa pathu, ndi nanzikambe yemwe uja wa m'nkhalango za Mulanje. Mu 2014 kabilimankhwe ka pa phiri la Chiperone, muno m'boma la Milange, kanalembedwa m'magazini ya Zootaxa ndi dzina lakuti Rhampholeon nebulauctor, kutanthauza wopanga mitambo, pokumbukira mvula ya ciperoni imene imatizizira m'nyengo yacisanu. Tsono kafunseni mlimi wa m'tsinde mwa phirilo ngati zimenezi anazimvapo.

Magazini a kafukufuku a maiko akunja amakhwimitsa malamulo, ndipo ife sitikudana nawo. Wolemba afotokoze funso lake, njira imene anatsata ndi zimene wapeza, achulenso onse amene analembapo kale za nkhaniyo. Kenako akatswiri awiri kapena atatu amaunika pepalalo, kulibweza, kulibwezanso, mpaka likhale lopanda mphekesera. Zabwino ndithu. Koma pa mndandanda wonsewo ndi magazini ocepa amene amafunsa ngati eni dera auzidwa zimene zapezeka kwawo. Munthu amene analoza njira m'nkhalango, amene amadziwa mtengo uliwonse ndi nchito yake, kawirikawiri amathera pa kamzere ka zikomo kumapeto, mwinanso osachulidwa n'komwe.

Nanga mwana wathu wofuna kulemba yekha? Kunyumba amayankhula Cinyanja kapena Cilomwe. Ku UniZambeze ku Mocuba kapena ku Universidade Licungo ku Quelimane amaphunzira m'Cipwitikizi. Magazini amafuna Cingerezi. Mnzake wa ku London wangodzuka n'kulemba, iyeyu wawoloka kale mitsinje iwiri, ndipo pepala lake likhoza kubwezedwa cifukwa ca galamala, nzeru zili momwemo.

Ena amati Cinyanja cilibe mawu a sayansi. Bodza. Kalembedwe ka zinenero za Mozambique kanakambidwa pa msonkhano wa ku Universidade Eduardo Mondlane mu 1988, ndipo kuyambira 1993 ana ena ku Tete ankaphunzira m'Cinyanja ndi Cipwitikizi. Ndiponso amene anabwereka mawu kwa mnzake ndani, suja ndi sayansi?

Mafumu athu, mlendo wa kafukufuku akabwera kudzapempha cilolezo cokwera Chiperone kapena Tumbine, kapena cowerenga matumba a cimanga odutsa pa Muloza, mumulandire bwino, koma mugwirizane naye asananyamuke. Pepala likadzatuluka, atumize cidule ca tsamba limodzi m'Cinyanja, coti ciwerengedwe pa wailesi ya Thumbine ndi m'masukulu. Maina a amene anamutsogolera alembedwe, ngati eni ake avomera. Magazini ena anayamba kale kulola cidule m'cinenero caciwiri, conco asakuuzeni kuti malamulo amaletsa.