Chilolezo chomangira pa mchenga chiziyambira pa mapu

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za feteleza ndi mbewu. Tikambirane za zitunda za mchenga zimene mphepo ndi mafunde zimaunjika m'mbali mwa nyanja. Ambiri timaziona ngati malo achabe osamera chimanga, oyenera kungogulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama kuti amangepo koteji. Maganizo anga ndi akuti khonsolo isamapereke chilolezo chomangira pa malo otere isanaone mapu osonyeza m'mene nthaka ya pamalopo inakhalira ndi kumene mchenga wake ukulowera. Chitunda chikaonongeka, woyamba kulira ndi mlimi amene munda wake uli kuseri kwake.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika ku South Africa, chifukwa kumeneko nkhani yake inaonekera poyera. Ku St Francis Bay, m'chigawo cha Eastern Cape, kuli tauni ya anthu opeza bwino m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kale mphepo yochokera kumadzulo inkakankha mchenga kuudutsitsa pamtunda, pamalo otchedwa Santareme, n'kukautaya pagombe la tauniyo. Mafunde ankachotsa mchenga wina, mphepo n'kubweretsa wina, ndipo gombe linkakhala lotambalala. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anthu anaona ngati mchenga woyendawo ukungoononga malo. Anabzalapo zomera kuti uime, anadula mapuloti, nyumba zinamangidwa. Mchenga unaimadi. Koma mafunde sanasiye kuchotsa gawo lawo, pamene wobwezera panalibenso. Gombe linayamba kuchepa mpaka eni nyumba za kutsogolo anayamba kuunjika miyala ikuluikulu kuti nyanja isawalowere, ndipo anafika polipira msonkho wapadera wokonzera gombelo.

Taonani apa. Amene anavutika sanali okhawo amene anamanga pa chitunda. Anali anzawo a kutsogolo, amene sanakhudzeko mchenga wa Santareme. Munthu woona pulani ya nyumba imodzi yokha sakanatha kuliona vutoli, chifukwa maziko, zipupa ndi denga zikhoza kukhala zolongosoka pamene malowo ndi njira ya mchenga.

Ndivomere kuti ife ophunzira za ulimi tili ndi mbali yathu pa zolakwika zotere. Tinaphunzitsidwa kuti nthaka ikamayenda tiziimitsa ndi udzu ndi mitengo, ndipo nthawi zambiri uphungu umenewu ndi wabwino. Pamene mchenga ukukwirira munda, kubzala ndi nzeru. Koma pali mchenga wina umene ntchito yake ndi kuyenda, ndipo ukauimitsa waumitsa gombe la anzako. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna katswiri wa miyala ndi nthaka amene wayenda dera lonse, osati mlangizi amene waitanidwa pa puloti imodzi.

Wina anena kuti izi ndi za kunyanja ya mchere, ife sizitikhudza. Apite ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Mangochi miyezi ya mwera akaone mafunde m'mene amamenyera gombe ndi m'mene mchenga umaulukira. M'malo ambiri kumeneko mukachoka pamadzi mumakwera kachitunda ka mchenga kokhala ndi udzu ndi migwalangwa, kenaka mumatsikira m'dambo. M'dambomo ndi mmene muli mpunga, madimba ndi msipu wa ng'ombe. Kachitundako ndiko khoma la dambolo. Kamagwiranso madzi a mvula ngati siponji, n'chifukwa chake zitsime zosazama zokumbidwa m'mphepete mwake zimakhala ndi madzi abwino. Womanga akasalaza chitunda kuti aziona nyanja ali pakhonde, kapena malole akamatapa mchenga pamenepo, khoma lija labooka. Akakumba chimbudzi mumchengamo, zonyansa sizichedwa kufika m'chitsime cha mudzi, pakuti mchenga umadutsitsa madzi msanga kusiyana ndi makande.

Nyanja yathu nayo siikhala malo amodzi. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi anatsika kwambiri kotero kuti anasiya kutulukira mu Shire. Mu 1980 anakwera kupitirira mamita 477 poyerekeza ndi nyanja ya mchere. Mu 2024 anapitirira mamita 476, ndipo malo ogona alendo ndi nyumba za anthu zinalowa m'madzi ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Ambiri analoza chala zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde. A National Water Resources Authority anakumbutsa anthu kuti kumunsi kwa mzere wa mamita 477 sikoyenera kumangako. Chabwino. Koma mzerewo uli pati pa mudzi wanu? Kodi nyakwawa yanu ingaloze ndi ndodo kuti ukudutsa apa? Nambala imene ili m'mabuku okha singaletse munthu kukumba maziko.

Ku Zomba kuli nthambi ya boma yoona za miyala, ya Geological Survey. Mukukumbukira ndege za Kauniuni zimene zinkauluka chapansi kufufuza miyala ya mtengo wapatali, zotsatira zake n'kutuluka mu 2015. Tikudziwanso kuti mchenga wa ku Makanjira ndi madera ena a Salima uli ndi miyala yogulitsika. Sindikutsutsa kufufuza chuma. Chondidandaulitsa n'chakuti mapu a mtundu umenewo amayankha funso la wokumba migodi, pamene kalaliki wa khonsolo amene akudinda chilolezo akufuna mapu a mtundu wina: osonyeza puloti ndi puloti, pamene pali mchenga woyenda, pamene pali chitunda chakale chokhazikika, pamene madzi a pansi ali pafupi, ndi pamene nyanja inafika mu 1980 ndi mu 2024. Ntchitoyi siifuna ndege. Imafuna akatswiri oyenda pansi ndi chobowolera nthaka, zithunzi zakale zojambulidwa m'mwamba, ndi akuluakulu a m'mudzi amene akukumbukira mtengo umene madzi anafikapo.

Ena ati zimenezi zichedwetsa chitukuko ndi kuthamangitsa obweretsa ndalama. Kuchedwa kulipo, sindikana. Komabe mapu akakhalapo womanga amadziwiratu pabwino asanalipire, ndipo mpata wa ziphuphu umachepa chifukwa yankho siliri m'mutu mwa munthu mmodzi. Ndiponso mapu saletsa paliponse. Pali zitunda zakale zotalikira madzi pamene nyumba ingakhale bwinobwino, bola chimbudzi chikhale chomangidwa ndi simenti ndipo udzu wa kutsogolo usachotsedwe.

Podikira kuti boma lichite mbali yake, inu alimi muli ndi pogwira. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi. Munthu akabwera kudzafuna puloti pa chitunda chimene chatchinga dambo lanu, pitani ku komitiyo ndi kwa amfumu mtengo usanakambidwe. Funsani ngati ali ndi chilolezo cha khonsolo, ngati wina wadzayeza kuti mzere wa mamita 477 ukudutsa pati, ndiponso kuti chimbudzi chake chikhala mtunda wotani kuchokera pa chitsime. Pemphani kuti zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo pepala lina lisungidwe ndi gulu lanu la alimi a mpunga.