Malipiro a Papepala Sadyetsa Mwana

Mu 2021 boma lidalamula kuti wantchito asalandire ndalama zochepera K50,000 pamwezi. Mu Febuluwale 2024 lidakweza malipirowo kufika pa K90,000, ndipo mu 2025 pa K126,000. Ambiri adaomba m'manja. Koma tiyeni tifunse mosaopa: kodi ndalama zimenezi zidalowa m'thumba la yani?

Pitani ku Tsangano nyengo yokumba mbatata ya kachewere, kapena pa msika wa Lizulu pamene anyamata amasenza matumba a kabichi kukweza m'malole. Funsani mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba pa Ntcheu boma, ndiponso mlonda amene amachezera pakhonde la sitolo m'chisanu cha Juni. Anthu otereŵa alibe kalata ya pangano, ndipo amene amaŵaikira mtengo wa thukuta lawo si nduna ya zantchito ayi, koma njala ya ana awo. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lamulo losafika kumunda ndi kumsika ndi fodya wapachala.

Olemba ntchito ena amadzitchinjiriza ponena kuti, "Tidagwirizana, sindidamkakamize." Bodza limeneli Papa Leo XIII adalitsutsa kale mu 1891 m'kalata yake ya Rerum Novarum, pophunzitsa kuti munthu wovomera malipiro operewera chifukwa cha usiŵa kapena mantha wachita kuponderezedwa, ngakhale atavomera ndi pakamwa pake. Nawonso maepiskopi athu, m'kalata yawo ya Lenti mu 1992, adadzudzula malipiro osakwanira kusamala banja.

Ngakhale iwo amene amalandiradi zimene lamulo lidanena, boma limaŵapatsa mochedwa. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse. Mitengo ya shuga, sopo ndi feteleza idakwera pompo, koma malipiro adadikira miyezi itatu. Nanga m'miyezi imeneyo mwana wa wantchito adadya chiyani?

Tsono tipempha zinthu ziŵiri. Choyamba, malipiro ayesedwe chaka ndi chaka molingana ndi mtengo weniweni wa zofunika pabanja, monga bungwe la Centre for Social Concern limaŵerengera. Chachiŵiri, oyendera za ntchito, amene lamulo la Employment Act la mu 2000 lidaŵapatsa mphamvu, apatsidwe mafuta ndi galimoto kuti afike kuminda ndi m'misika.

Ndipo inu aŵerengi amene muli ndi wantchito pakhomo, musadikire woyendera. Mwezi uno ukatha, ŵerengani zimene mukumpatsa, mudzifunse ngati banja lanu lingagonere zomwezo.