Mbiri ya Othamanga Isafafanizidwe

M'mwezi wa February 2024 bungwe lachifundo la parkrun, limene linayamba ndi othamanga 13 okha ku Bushy Park mu London m'chaka cha 2004, linachotsa pa intaneti mndandanda wa anthu amene anathamanga mwaliwiro koposa pa mtunda wa makilomita 5. Akuluakulu ake anati mndandandawo unkachititsa mantha ofuna kuyamba kumene, pakuti kuthamanga kwa Loweruka lililonse si mpikisano ayi. Othamanga zikwizikwi anasaina chikalata chodandaula, koma bungwelo linakana kubweza mndandandawo.

Cholinga cha bungweli n'chabwino ndithu, koma njira yake ndi yolakwika. Mbiriyo inalembedwa ndi thukuta la othamangawo, ndipo kuifafaniza popanda kumvana nawo n'kuiwala kuti mutu umodzi susenza denga.

Ngakhale nkhaniyi ndi yakutali, muli phunziro kwa aphunzitsi a ku Bua m'boma la Nkhotakota. Mlimi wa mpunga wa pa sikimu ya Bua amawerenga matumba ake chaka ndi chaka, ndipo saleka kuwerenga poopa kukhumudwitsa mnzake wokolola pang'ono. Momwemonso sukulu iliyonse isunge buku la masewera, lolembamo nthawi ya mwana wothamanga koposa, ndiponso ya iye amene waposa nthawi yake yakale ngakhale wafika pambuyo. Potero wofooka adzalimba mtima popanda kulanda waliwiro ulemu wake. Tsono akuluakulu a zamaphunziro akafuna kusintha zolembedwa zotere, ayambe afunsa eni ake.