WAGULA GEMU KAPENA WABWEREKA?

Mafana a ku Kapelula, ndalama za fodya zatuluka, musaziwotche. Ine ndimakonza mainjini a maboti. Munthu akagula Yamaha, amapempha chilolezo ku Japan kuti ilire? Nanga pa magemu tikuvomereranji? Mu 2024 Ubisoft idatseka maseva a The Crew, onse amene adagula adangotsala manja m'khosi. Kumeneko n'kubwereka, amangwetu! Pa GOG mumatsitsa gemu yopanda loko, n'kuisunga pa flashi, n'kumasewera pa kompyuta popanda bandulo. Za Deluxe zisiyeni, nthawi zambiri mumangolipirira nyimbo ndi zovala za zidole, gemu ndi yomweyo. Tengani Standard, zotsalazo zipite ku feteleza. Tumizirani anzanu ndalama zawo zisanalowe m'madzi.