Za Magalimoto: Zipsepse za Kunsi kwa Galimoto ya Liwiro

Ena mwa inu mwaonapo tigalimoto tatifupi taliwiro timene anyamata amabwera nato kuchokera ku Joni pa Khirisimasi. Mukasuzumira kunsi kwa bampala yakumbuyo, nthawi zina mumapezako chinthu chakuda chokhala ndi zipsepse ngati za nsomba. Angerezi amachitcha diffuser, Apwitikizi amati difusor. Ambiri amachigula padera n'kuchimangirira okha. Kodi chimagwiradi ntchito, kapena n'chongokometsera galimoto?

Tiyambe ndi mphepo. Mukudziwa kuti madzi amathamanga kwambiri pamene mtsinje wapanikizika pakati pa miyala. Mpweya umateronso podutsa pampata wochepa wa pakati pa galimoto ndi msewu. Ukathamanga choncho, mphamvu imene umakankhira nayo galimoto m'mwamba imachepa, ndipo mpweya wapamwamba umaipsinjira pansi. Matayala amaluma msewu, galimoto siterereka pokhota. Diffuser ndiye khomo lotulukira mpweya umenewu. Imatambasuka mokwera chakumbuyo kuti mpweya uchepetse liwiro pang'onopang'ono potuluka, ndipo potero imakoka mpweya wina wambiri kuti udutse kunsiko. Koma ikapendekeka mopitirira muyezo, mpweya umasiya kutsatira khoma lake n'kumangozungulira ngati kamvuluvulu, phindu lonse n'kutha.

Nzeru yoyamwitsa galimoto kumsewuyi inatchuka m'mipikisano ya Formula 1. Kampani ya Lotus, ya Colin Chapman, inatulutsa galimoto yotere mu 1977, ndipo mu 1978 Mario Andretti anakhala katswiri wa dziko lonse poyendetsa Lotus. Mu 2009 gulu la Brawn GP linabwera ndi diffuser yosanjikiza ziwiri, Jenson Button n'kutenga ukatswiri. Mtundu umenewo unaletsedwa kuyambira mu 2011.

Tsono galimoto za mpikisanozo kunsi kwake n'kosalala, ndipo zimayenda mogundizana ndi phula. Galimoto wamba kunsi kuli paipi ya utsi, thanki ya mafuta ndi zitsulo zambirimbiri, kotero mpweya umafika kumbuyoko utasokonezeka kale. Palinso nkhani ya liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yopsinjira pansi ija imawirikiza kanayi. Ndiye kuti pa makilomita 50 pa ola mumangopeza gawo limodzi mwa magawo 16 a mphamvu imene ikanakhalapo pa makilomita 200. Nanga ndani angathamange 200 pakati pa njinga, ngolo ndi mbuzi?

Choncho ine ndikuti zambiri mwa zipsepse zapulasitiki zogula paderazi n'zokongoletsa basi. Kukongola kokhako sindikana: galimoto imaoneka yotakata, yaukali, ngati yagwada pansi. Koma wogula adziwe kuti yotchipa imatha kusungunuka ikayandikana ndi paipi ya utsi, ndipo yomangidwa mwachisawawa imathothoka paulendo. Imachepetsanso mpata wa kunsi, moti pamsewu wafumbi nthawi ya dzinja, chigwembe choyamba chokha chikhoza kuisadzula pamodzi ndi bampala yomwe.