A zanyengo si abodza, vuto lili ndi ife aphunzitsi

Lachiwiri lapitali mu stafurumu munali phwete. Wailesi inanena m'mawa kuti m'chigawo chathu mugwa mvula ya mabingu, koma pasukulu pano dzuwa linaswa mtengo tsiku lonse. Mnzanga wina, mphunzitsi wa zaka zambiri pantchito, anati: "Anthu amenewa amangolota. Za mawa zikuwakanika, ndiye atiuze za zaka 50 zikubwerazo?" Onse anaseka. M'mawa mwake mtsikana wa Fomu 3 anandiuza kuti kwawo, mtunda wa ola limodzi wapansi, mvula inagwetsa khola la mbuzi.

Ndiye wabodza ndani?

Aphunzitsi anzanga, tiyeni timvetsetsane. Kompyuta yolosera nyengo imagawa mlengalenga m'mabokosi ngati a papepala la girafu, nkuwerengera kutentha, chinyezi ndi mphepo m'bokosi lililonse. Pa kompyuta ya ECMWF ya ku Ulaya, imodzi mwa zodalirika kwambiri, bokosi ndi la makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse. Zowerengera nyengo ya zaka zambiri zimagwiritsa ntchito mabokosi a makilomita 100 kapena kuposa. Koma mtambo wa mabingu umene umatinyowetsa mu Januwale ndi wa makilomita ochepa chabe, ndipo dontho limodzi la mvula limapangidwa ndi timadontho ta mumtambo pafupifupi miliyoni. Zonsezi kompyuta sizionera pafupi.

Choncho asayansi amailembera malamulo oyerekeza, amene amawatcha parameterization: chinyezi chikafika apa, nthaka ikatentha chonchi, m'bokosi muno mugwa mvula yochuluka mwakuti. Zili ngati kukupatsani avereji ya kalasi, osakuonetsani pepala la mwana aliyense. Zolakwika zilipo ndipo eni ake sabisa: makompyutawa amakonda kugwetsa mvula yowaza kawirikawiri, komanso kuiyambitsa masana pomwe yeniyeni imadza chakumadzulo.

Tsono funso la mnzanga lija nlopanda mutu. Inu simungalose malikisi a mwana mmodzi pa MSCE, koma mmene kalasi yonse ikhozere mumadziwa ndithu. Mu 2021 bungwe la IPCC linati mpweya wa carbon dioxide ukachuluka kawiri, dziko lidzatentha ndi madigiri 2.5 mpaka 4. Chimene chikutalikitsa kwambiri manambala awiriwa ndi mitambo, chifukwa ina imabweza dzuwa, ina imasunga kutentha ngati bulangete. Mkangano ndi woti lidzatentha motani, osati ngati lidzatenthe.

Chikundiwawa nchakuti chiseko chathu ana amachitengera kunyumba. Namondwe ndi wamkulu, amadzaza mabokosi ambiri, ndipo kompyuta imamuona bwino. Freddy asanafike mu Malichi 2023, a zanyengo anachenjeza kukadali masiku. Anthu mazanamazana anafa ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena. Ambiri analibe kothawira, nzoona. Koma ndi angati anamva chenjezo nkuseka ngati ife Lachiwiri? Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ife timangojambula nyanja, mtambo ndi mivi itatu pabolodi, basi phunziro la mvula latha. Ana anga akale, inunso ndinakuphunzitsani choncho, pepani. Teremu ino ndiyika botolo loyezera mvula kuseri kwa labu, ana azilemba tsiku ndi tsiku nkuyerekeza ndi za pawailesi. Wofuna kuseka abwere ndi manambala ake.