Kodi nkhani ya kukhonsolo ingasamutsidwire kubwalo lalikulu la milandu?

LIWONDE: Wamalonda wa m'tauni ya Liwonde akalandira kalata ya khonsolo yomuuza kuti chiphaso chake chilandidwa, kapena mlangizi wa ku Machinga ADD akaitanidwa kukayankha mlandu wophwanya mwambo wa ntchito, ganizo loyamba limakhala loti nkhaniyo ichotsedwe m'manja mwa akuluakulu a boma n'kupita kubwalo lalikulu la milandu ku Zomba. Malamulo a dziko lino sapereka mpata umenewu mwachisawawa.

Ku United States, komwe maboma ang'onoang'ono ali ndi mabwalo awoawo, lamulo limalola woimbidwa mlandu kuusamutsa kuchoka kubwalo la boma laling'ono kupita kubwalo la dziko lonse. Oweruza kumeneko sagwirizana ngati nthambi ya boma yomva milandu iyenera kuwerengedwa ngati bwalo: ena amayang'ana ntchito yomwe nthambiyo ikugwira, pomwe ena amati chomwe si bwalo si bwalo basi.

Malawi alibe maboma a mtundu umenewu, choncho funso lofanana nalo kuno ndi la nthawi yomwe bwalo lalikulu lingalowerere pa ntchito ya nthambi ya boma. Gawo 108 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limapatsa bwaloli mphamvu zounika chilichonse chomwe boma lachita kapena kugamula. Koma kuunika si kulanda mlandu. Woweruza safufuza ngati wamalondayo amayeneradi chiphaso. Amafufuza ngati khonsolo inali ndi mphamvu zochilanda, ngati inamva mbali yake, komanso ngati chiganizo chake chili chomveka. Akapeza cholakwika, kawirikawiri amafafaniza chiganizocho n'kubweza nkhaniyo ku ofesi yomwe ija kuti iyambirenso.

Ndondomeko za bwalo lalikulu za 2017 zimati wodandaula ayambe wapempha chilolezo cha woweruza, ndipo atero pasanathe miyezi itatu chiganizo chitapangidwa. Oweruza amakonda kubweza munthu yemwe wadumpha njira zina zomwe malamulo anamuikira. Pa mkangano wa malo a makolo, kaya kutsidya la Machinga kapena la Balaka la mtsinje wa Shire, lamulo la malo a makolo la 2016 linaika makwerero: bwalo la m'dera la Mfumu Yaikulu, bwalo la malo la paboma, kenako bungwe lalikulu loona za malo, munthu asanafike kubwalo lalikulu. Nkhani za ntchito nazo zili ndi bwalo lake, ndipo apilo yochokera kumeneko imaloledwa pa mfundo za malamulo, osati kubwerezanso umboni.

Apa m'pamene ogwira ntchito m'boma ayenera kusamala. Gawo 43 limapatsa aliyense ufulu wochitiridwa zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, komanso wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chiganizo chakhudza ufulu wake. Kalata ya mizere iwiri yongoti “mwachotsedwa” kapena “pempho lanu lakanidwa” ndiyo imagwetsa boma pamaso pa woweruza, ngakhale chiganizocho chikanakhala cholondola. Chipukutamisozi chikalamulidwa, chimachokera m'misonkho ya anthu omwewo.

Boma nalo limagwiritsa ntchito khomo lomweli. Mu October 2016, Ombudsman Martha Chizuma anatulutsa lipoti la mathirakitala ndi makina otongolera chimanga omwe anagulidwa ndi ngongole ya ku India koma anagulitsidwa motchipa kwa andale, akuluakulu a boma ndi amalonda m'malo mothandiza alimi ang'onoang'ono. Mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo sanasamutse kafukufukuyo ali mkati; anapita kubwalo lalikulu lipoti litatuluka, monga gawo 123 limalolera, ndipo mu 2017 bwalolo linagwirizana naye kuti Ombudsman analibe mphamvu pankhaniyo. Mu February 2019 bwalo lalikulu la apilo linasintha chigamulocho n'kuikira kumbuyo Ombudsman.

Pambuyo pake alembi akuluakulu a unduna wa zachuma ndi wa zaulimi anapezeka olakwa pa mlandu wonyozera bwalo chifukwa chosapepesa kwa Amalawi m'nthawi yomwe anapatsidwa.